Wezulo ikalira osaleka, alonda amatopa

Achinyamata anzathu, pamsonkhano wina wa makalabu umene tinachita kufupi ndi msika wa Songani, mnyamata wina anatifunsa funso limene latichititsa kulemba nkhani ino. Iye anati mnzake anapezeka ndi kachirombo ka HIV, koma ndi wojintcha, amasewera mpira mpaka wezulo yomaliza, ndipo CD4 yake ndi yokwera. Nanga akuthamangiranji kuyamba ma ARV? Bwanji osadikira kuti asilikali a m'thupi ayambe achepa?

Funsoli silopusa. Ndipo tivomere kuti mbali ina ya vutoli ndi yathu ife amene takhala tikuphunzitsa za Edzi. Kwa zaka zambiri tinkanena za msilikali mmodzi yekha, CD4, ngati kuti chitetezo cha m'thupi chonse ndi iyeyo. Malamulo a chipatala nawonso ankayendera pomwepo. Pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, munthu ankayamba mankhwala akadwalika kapena CD4 yake ikatsika kufika pa 200. Mu 2011 malire anakwera kufika pa 350, mu 2014 pa 500. Makolo athu anazolowera kuti mankhwala ndi a munthu amene wagwa kale. Koma kuyambira mu 2016 dziko la Malawi limapereka ma ARV kwa aliyense amene wapezeka ndi kachirombo, CD4 ikhale yochepa kapena yochuluka. Ife tikuti lamulo limeneli ndi lolondola, ndipo chifukwa chimodzi chachikulu chili mwa asilikali ena amene m'makalabu mwathu sitiwatchula n'komwe: maselo a B.

Maselo a B ndi osula mivi a m'thupi. Mdani akalowa, kaya ndi kachirombo ka chikuku kapena ka chibayo, iwo amasula mivi yogwirizana ndi mdani ameneyo basi, monga momwe kiyi amalowera pa loko wake. Miviyi ndi imene achipatala amaitchula kuti ma antibody. Nkhondo ikatha, maselo ena a B sabwerera kumunda koma amatsala ngati nkhalamba zosunga mbiri ya mudzi. Mdani yemweyo akadzabweranso, ngakhale patapita zaka makumi awiri, amamuzindikira msanga. Akatemera ambiri amene munabayidwa kusikelo muli pamsana amadalira nkhalamba zimenezi.

Dzina lakuti B linachokera ku nkhuku. Mu 1956 wophunzira wina wa ku Ohio m'dziko la America, Bruce Glick, pamodzi ndi mnzake Timothy Chang, anapeza kuti anapiye amene anawachotsa kachiwalo kena kotchedwa bursa, kamene kali pafupi ndi potulukira zitosi, sankatha kupanga ma antibody. Nkhaniyo inasindikizidwa m'magazini ya za ulimi wa nkhuku, ndipo madokotala ambiri anatenga nthawi asanaione. Ife anthu kachiwaloka tilibe. Maselo athu a B amabadwira m'mafuta a m'mafupa, n'kumakulira momwemo pang'onopang'ono asanatuluke kulowa m'magazi.

Akatuluka amapita kusukulu. Inu a kuno ku Domasi, kumene kuli koleji ya aphunzitsi, mumvetsa msanga. Sukulu za maselo a B zili mu timabere tija timene timatupa m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche munthu akakhala ndi bala, tija timati mwanabere. M'menemo maselo a B amasinthasintha kasulidwe ka mivi yawo ndipo amalemba mayeso. Amene mivi yake ikugwira mdani mwamphamvu amapitirira, olephera amafa. Aphunzitsi amene amachonga mayesowo ndi gulu lina la CD4. Pamenepo mwaona kale kuti kachirombo kamene kamapha CD4 kakupha aphunzitsi, ndipo kamakonda kubisala m'sukulu momwemo. Koma kuonongeka kwa maselo a B sikudikira kuti aphunzitsi athe. Kumayamba kale, chifukwa cha wezulo.

Mudzi uliwonse uli ndi njira yoitanirana wakuba akalowa. Wina amakuwa, achitetezo cha m'mudzi amaimba wezulo, anthu amatseka makola n'kutuluka ndi zibonga. Thupi nalo lili ndi wezulo yake. Selo likazindikira kuti mwalowa kachirombo ka mtundu wa vairasi, limatulutsa uthenga wotchedwa interferon. Amene anautulukira ndi Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann ku London mu 1957, pogwiritsa ntchito kachirombo ka chimfine ndi timinofu ta m'mazira a nkhuku (nkhuku yatithandiza zambiri, tisamangoiona ngati ndiwo za alendo). Uthengawu ukamveka, maselo oyandikana nawo amatseka zitseko kuti kachirombo kavutike kuswana. Kutentha thupi ndi kuphwanya m'nkhongono kumene timamva tikadwala chimfine, mbali ina n'chifukwa cha wezulo yomweyi. Anthu ambiri amene angotenga kumene HIV amamvanso chimodzimodzi pakatha milungu iwiri kapena inayi, n'kumayesa ndi malungo.

Kwa maselo a B, wezulo ya masiku ochepa ndi yabwino kwambiri. Imawadzutsa, imawafulumizitsa kusanduka osula mivi enieni, imawathandiza kusintha n'kuyamba kusula mivi ya mtundu wamphamvu, ndipo imachulukitsa chakudya china chimene maselowa amafuna kuti akhale ndi moyo. Kafukufuku wa pa mbewa za m'malabotale anaonetsanso kuti m'mafupa muja interferon amachepetsa kaye kubadwa kwa maselo a B atsopano. Zili ngati mudzi umene waimitsa ntchito zina kuti onse athamangitse wakuba. Chimfine chikatha, wezulo imaleka, aliyense amabwerera ku ntchito yake.

HIV yosamwera mankhwala siichoka. Imaswana tsiku ndi tsiku, ndipo wezulo imalira usiku uliwonse, chaka ndi chaka. Phokosolo limakulanso chifukwa kachiromboka kamaononga CD4 za m'matumbo m'milungu yoyambirira yomwe, kotero kuti tizidutswa ta tizirombo ta m'matumbo timadutsira m'magazi n'kumadzutsanso alonda. Tangoganizani mudzi umene wezulo ikulira usiku uliwonse kwa zaka zisanu. Anthu amatuluka ndi tulo m'maso n'kumamenya chitsa, mbuzi, ngakhale mnansi wawo. Ana amene sanakhwime amapatsidwa zibonga. Nkhalamba zodziwa mbiri zimatha mphamvu. Tsiku limene wakuba weniweni wafika, palibe amene ali ndi nyonga yomugwira.

Izi si nthano chabe. Mu 1983, zaka ziwiri dziko la Malawi lisanapeze wodwala Edzi woyamba mu 1985, madokotala Clifford Lane ndi Anthony Fauci ku America anaona chinthu chodabwitsa. Magazi a odwala Edzi anali odzaza ndi ma antibody kuposa a munthu wabwinobwino, koma maselo awo a B ankalephera kuyankha akakumana ndi mdani watsopano. Mivi mbwee, koma yosalasa. M'zaka zotsatira, Susan Moir ndi anzake anafotokoza bwino zimene zimachitika m'magazi a munthu amene kachirombo kakuswana momasuka: maselo a B osunga mbiri amachepa, maselo osakhwima amachuluka, ndipo mu 2008 anafotokoza gulu la maselo a B otoperatu, amene sachulukananso bwino ngakhale awaitane. Interferon siichita izi yokha, pali mauthenga ena amene amathandizira, koma chizindikiro chake chimaoneka bwino m'maselo a B a anthu otere.

Umboni umene watikhudza kwambiri unapezeka konkuno, ku Blantyre. Pali tizirombo totchedwa Salmonella timene kwa munthu wa chitetezo chabwino timangoyambitsa kutsegula m'mimba, koma kwa anthu amene ali ndi HIV timalowa m'magazi, ndipo tinapha anthu ambiri pachipatala cha Queen Elizabeth ma ARV asanafale. Aliyense ankayesa kuti odwalawo alibe ma antibody olimbana nato. Mu 2010 Calman MacLennan ndi anzake anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti si choncho. Magazi a Amalawi ena amene ali ndi HIV anali ndi ma antibody a Salmonella ochuluka zedi, koma ambiri anali olunjika pa chikopa chakunja cha kachiromboko, malo amene sakapha, ndipo chifukwa cha kuchuluka kwawo ankatchinga ma antibody abwino kuti asafike. Ofufuzawo atachotsa ma antibody otchingawo, magazi omwewo anayamba kupha tizirombo. Alonda anali ambiri pakhomo mpaka kutsekereza amene anali ndi mkondo.

N'chifukwa chake sitigwirizana ndi malonda a mankhwala amene amati ndi okweza chitetezo cha m'thupi, aja amagulitsidwa m'mabotolo pamsika ndi pa WhatsApp. Vuto la munthu amene ali ndi HIV si lakuti chitetezo chake chagona ndipo chikufunika kudzutsidwa. Chitetezocho chadzuka mopitirira, chikusowa tulo. Ngakhale interferon yeniyeniyo inayesedwapo ngati mankhwala. Mu 1990 ku Kenya kunamveka mbiri ya mankhwala otchedwa Kemron, amene anali interferon yochepa yoika m'kamwa, ndipo anthu anakhamukirako kuchokera m'maiko ambiri. Kafukufuku wotsatira, kuphatikizapo wa ku Uganda, sanapeze phindu lililonse. Makolo anu akukumbukiranso chaka cha 1995, pamene chinamtindi cha anthu chinkadutsa pamsewu wathu uno kupita ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe. Kachirombo sikanachoke.

Anyani ena anatiphunzitsa mbali ina ya nkhaniyi. Mitundu ingapo ya anyani a mu Africa, kuphatikizapo a mtundu wa apusi, imakhala ndi kachirombo kofanana ndi HIV kotchedwa SIV, koma kawirikawiri siidwala Edzi ngakhale kachiromboko kali kochuluka m'magazi. Mu 2009 magulu awiri a ofufuza, lina ku America lina ku France, anapeza kuti anyaniwa akangotenga kachirombo wezulo yawo imalira mwamphamvu, koma pakatha milungu ingapo amaitontholetsa. Anyani a ku Asia, amene sanazolowere kachiromboka, wezulo yawo siileka, ndipo ndi amene amadwala n'kufa. Apa tichenjeze, pasapezeke wina wokauza anthu kuti Edzi inachokera kwa apusi a m'phiri la Malosa. Kachirombo ka HIV kamene kali kuno kanachokera kwa anyani akuluakulu otchedwa chimpanzi a m'nkhalango za pakati pa Africa, kalekale.

Ife anthu sitingathe kutontholetsa wezulo ngati apusi. Njira imene tili nayo ndi kuchotsa chimene chikuiliza, ndipo ntchito ya ma ARV ndi imeneyo. Kachirombo kakaleka kuswana, phokoso limatsika, ma antibody opanda ntchito aja amachepa, ndipo maselo a B amayamba kubwerera mwakale. Koma si onse amene amabwerera. Mu 2010 Susan Moir yemweyo anayerekeza anthu amene anayamba ma ARV atangotenga kumene kachirombo ndi amene anayamba patapita nthawi yaitali. Oyamba msangawo maselo awo osunga mbiri anabwerera bwino, ndipo ankayankha bwino kuposa anzawowo. Nkhalamba ikamwalira, imapita ndi zimene inkadziwa. N'chifukwa chake ana amene anabadwa ndi HIV n'kuchedwa kuyamba mankhwala nthawi zina amapezeka kuti chitetezo cha katemera wa chikuku chimene analandira chinazilala.

Yankho la funso la ku Songani lija lili pamenepa. CD4 yokwera imatiuza kuti aphunzitsi akadalipo ambiri, koma siitiuza kuti wezulo yakhala ikulira kwa miyezi ingati. Kafukufuku wamkulu wotchedwa START, amene munali anthu 4,685 a m'maiko 35, onse a CD4 yopitirira 500, anaonetsa mu 2015 kuti amene anayamba ma ARV nthawi yomweyo anachepetsa ndi 57 peresenti chiopsezo chodwala kwambiri kapena kumwalira, poyerekeza ndi amene anadikira. Onsewo ankaoneka athanzi ngati mnyamata wampira uja. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwu tinkaugwiritsa ntchito poopsezana za zibwenzi, ndipo mwina unathandizira kusalana. Lero tiugwiritse ntchito podziyang'ana tokha.

Tikudziwa kuti zimene zimabweza achinyamata si kusadziwa kokha. Wina ali ku sukulu yogonera komweko ndipo akuopa kuti botolo likalira m'chikwama anzake a m'hositelo adziwa. Wina anamva za maloto oopsa ndi chizungulire zimene mankhwala akale ankabweretsa. Wina akuopa kuuza chibwenzi. Mantha amenewa ndi enieni ndipo sitikuwapeputsa. Koma kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'Malawi amamwa mankhwala amene muli dolutegravir, piritsi limodzi patsiku, ndipo ambiri sawavuta ngati akale aja. Za kusalana, ntchitoyo ndi ya kalabu yanu. Ngati m'kalabu mwanu munthu sangathe kumwa piritsi lake pamaso pa anzake popanda kunong'onezana, ndiye kuti masewero ndi nyimbo zonse zimene mumachita pa 1 December sizinagwire ntchito. Kudumphitsa mankhwala nakonso kuli ndi mtengo wake: kachirombo kamabwerera m'milungu yochepa, wezulo n'kuyambiranso.

Maselo a B amafotokozanso zinthu zina zimene zimasokoneza anthu pa nkhani yoyezetsa magazi. Zipangizo zoyezera mwachangu zimene mumaziona kuchipatala, ngakhalenso kachipangizo kodziyeza wekha m'kamwa, sizifufuza kachirombo kenikeniko. Zimafufuza ma antibody amene maselo a B asula polimbana nako. Kusula kumatenga nthawi, milungu itatu mpaka 12, ndipo n'chifukwa chake munthu amene wagonana mosadziteteza posachedwa amauzidwa kuti adzabwerenso ngakhale zotsatira zasonyeza kuti alibe. Pa nthawi imeneyo kachirombo kamakhala kochuluka kwambiri m'magazi ndipo n'kosavuta kupatsira wina. Ngati ngoziyo yachitika kumene, kaya kondomu yaphulika kapena munthu wagwiriridwa, musadikire kuyezetsa kwa mwezi wamawa: pitani kuchipatala pasanathe maola 72 mukalandire mankhwala a PEP. Khanda nalo limabadwa ndi ma antibody a mayi ake, amene amatha kukhala m'magazi mwake mpaka miyezi 18, n'chifukwa chake pa milungu isanu ndi umodzi amaliyeza ndi njira ina yofufuza kachirombo kenikeniko.

Ndipo pali msampha umene wagwetsa kale anthu. Munthu amene wamwa ma ARV mokhulupirika kwa nthawi yaitali, makamaka amene anayamba msanga, ma antibody ake a HIV amatha kuchepa chifukwa maselo a B sakuonanso mdani. Akadziyeza ndi kachipangizo ka m'kamwa, nthawi zina kamasonyeza mzere umodzi. Ena amathamangira kukachitira umboni kuti achiritsidwa, n'kutaya mankhwala. Sanachire. Kachirombo kali chibisalire mu timabere tija. Kupemphera n'kwabwino, kutchalitchi kapena kumzikiti, ndipo atsogoleri ambiri a zipembedzo m'dera lino amalimbikitsa anthu awo kumwa mankhwala. Koma munthu amene ali pa ma ARV asamadziyeze ndi kachipangizo kameneka.

Tinene pang'ono za katemera, popeza ndi pamene maselo a B amaonetsera luso lawo. Ku Uganda, katemera wina wa chibayo anayesedwa pa akuluakulu amene ali ndi HIV ndipo zotsatira za mu 2000 zinasonyeza kuti sanawateteze. Neil French, amene anatsogolera kafukufukuyo, anabwera ku Blantyre n'kuyesa katemera wa mtundu wina, wopangidwa mwa njira yoti aitane aphunzitsi a CD4 kudzathandiza maselo a B. Zotsatira za mu 2010 zinasonyeza kuti anachepetsa ndi 74 peresenti kudwalanso ndi mitundu ya tizirombo imene inali m'katemerayo. Katemera wa mtundu womwewo ndi amene ana a m'Malawi anayamba kulandira kusikelo mu November 2011. Atsikana akumbukirenso katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero, amene anayamba kuyesedwa m'boma lathu lino la Zomba ndi ku Rumphi mu 2013 asanafalikire dziko lonse mu 2019. Mtsikana amene ali ndi HIV amafunika kubayidwa kangapo, osati kamodzi kokha, chifukwa osula mivi ake amafuna kukumbutsidwa. Auzeni azaumoyo za momwe mulili kuti akupatseni mlingo woyenera.

Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse amene ali ndi HIV m'Malawi, pafupifupi 88 ankadziwa za momwe alili, ndipo achinyamata ndi amene anatsalira m'mbuyo. Otsalawo sali kutali. Ena timakhala nawo m'kalasi, ena amapalasa kabaza pamsewu wa ku Malosa, ndipo wezulo ikulira m'matupi mwawo iwo osadziwa.

Tikupempha atsogoleri a makalabu kuti musinthe sewero lija la asilikali limene mumachita, lija mmodzi amakhala thupi, ena n'kumuzungulira ngati CD4, wina n'kukhala kachirombo. Onjezeranimo wosula mivi, nkhalamba yosunga mbiri, ndi mmodzi woimba wezulo. Muloleni aimbe osaleka mpaka oonerera atseke makutu, ndipo wa ma ARV akalowa, asayambe ndi kuwerenga asilikali koma agwire kachirombo kuti wezulo ileke. Mukatha sewerolo, konzani tsiku loti kalabu yonse, kuyambira wapampando, ipite kukayezetsa ku chipatala cha Domasi, ku St Luke's ku Malosa kapena kumene kuli pafupi nanu. Amene ali kale pa mankhwala, pakatha miyezi isanu ndi umodzi chiyambireni, afunse kuti ayezedwe kuchuluka kwa kachirombo m'magazi, ndipo asachoke asanauzidwe tsiku lodzamva zotsatira.